Zomwe chifuwa chachikulu chinaphunzitsa madokotala, kuchokera ku Berlin mpaka ku Thyolo

Munthu akapezeka ndi chifuwa chachikulu pa chipatala chilichonse cha ku Thyolo kapena ku Mulanje, amauzidwa kuti amwe mankhwala miyezi 6 osadumphitsa. M'miyezi iwiri yoyamba piritsi lililonse limakhala ndi mitundu inayi ya mankhwala, ndipo m'miyezi inayi yotsalayo limakhala ndi iwiri. Akapezekanso ndi HIV amalandira botolo lina la ma ARV, momwe m'piritsi limodzi muli mitundu itatu. Ikatha miyezi iwiri, kutsokomola kutaleka, nsima itayamba kulowa bwino, ambiri amafunsa alangizi a zaumoyo kuti, "Ine ndachira kale, nanga otsalawa ndimweranji? Bwanji osangotipatsa mtundu umodzi wamphamvu basi?"

Mafunsowa ndi omveka. Madokotala nawonso anaiyesa njira ya mtundu umodziyo, poyamba pa TB kenako pa Edzi, ndipo konse kuwiri odwala ambiri ankachira kanthawi kochepa kenako n'kumwalira. Lamulo la miyezi 6 ndi mapiritsi ophatikiza linatenga zaka pafupifupi 100 kuti lipezeke, ndipo mbali ina ya ntchito yofikitsa mankhwalawo kwa anthu inachitikira m'mapiri a tiyi omwewa.

Mpaka cha m'ma 1850, madokotala ophunzira a ku Ulaya ankakhulupirira kuti matenda ambiri amabwera ndi mpweya woipa wochokera m'madambo ndi m'zinthu zowola. Chifuwa chachikulu ankati n'chakumtundu, popeza chinkapulula anthu a banja limodzi. Kuno kwathu munthu akamawonda n'kumatsokomola magazi, akuluakulu ankati ndi mdulo kapena kanyera, n'kuyamba kufufuza yemwe walakwira mwambo pakhomopo. Azungu aja ndi makolo athu anaona chinthu chimodzi choona, chakuti nthendayi imayenda m'nyumba imodzi. Chomwe onse sanachione ndi chimene chimaiyendetsa.

M'chaka cha 1847, Ignaz Semmelweis wa pa chipatala cha ku Vienna anazindikira kuti amayi ambiri ankamwalira akangobereka chifukwa madokotala ankachoka kopima mitembo n'kukawagwira osasamba m'manja. Atalamula kuti aliyense azisamba ndi madzi a klorini, imfa zinatsika kwambiri, koma anzake ambiri anakana kumva kuti manja a dokotala angaphe munthu. Kenako Louis Pasteur wa ku France anaonetsa kuti tizirombo tosaoneka ndi maso ndi tomwe timasasitsa mowa ndi kuwoletsa zinthu, ndipo mu 1867 Joseph Lister anagwiritsa ntchito nzeruyi potsuka mabala a opaleshoni ku Glasgow.

Amene anagwira wakuba weniweni wa chifuwa chachikulu ndi Robert Koch. Pa 24 Malichi 1882 anauza madokotala anzake ku Berlin kuti wapeza kachirombo koyambitsa nthendayi, yomwe panthawiyo inkapha munthu mmodzi mwa anthu 7 alionse omwalira ku Ulaya. Chomwe chinapatsa mawu ake mphamvu ndi njira yomwe anatsata. Anakapeza kachiromboko m'mapapo a odwala atakapaka utoto kuti kaoneke pa maikulosikopu, anakaweta pakokha m'botolo, n'kukabaya mu mbira zathanzi. Mbirazo zinadwala TB, ndipo m'matupi mwawo munapezeka kachirombo komweko. Kuyambira pamenepo, wonena kuti chakutichakuti ndicho chimayambitsa nthenda ankayenera kuonetsa umboni wa mtundu umenewu. Utoto womwe Franz Ziehl ndi Friedrich Neelsen anakonza nthawi yomweyo ndi womwe anthu a mu labu akhala akupaka pa makhololo m'zipatala zathu mpaka m'masiku athu ano.

Koma kudziwa mdani si kumugonjetsa. Mu 1890 Koch yemweyo analengeza kuti wapeza mankhwala, otchedwa tuberculin. Odwala anakhamukira ku Berlin, koma mankhwalawo sanachiritse anthu ndipo ena anafa nawo. Mu 1895 Wilhelm Röntgen anatulukira kuwala kwa X-ray, kotero dokotala anayamba kuona mabowo m'mapapo munthu akadali moyo. Kuwaona ankawaona, koma chochita panalibe. Olemera ankatumizidwa ku zipatala za m'mapiri kukapuma mpweya wabwino ndi kudya bwino, ndipo osauka ankafera kwawo. Zinakhala choncho zaka zoposa 60.

M'kati mwa zakazi munabwera katemera wa BCG, yemwe ambiri aife tili ndi chipsera chake pamkono. Albert Calmette ndi Camille Guérin anaweta kachirombo ka TB ya ng'ombe kwa zaka 13 mpaka kanafooka, ndipo mwana woyamba anamulandira mu 1921. Katemerayu amateteza ana aang'ono ku TB yoopsa ya mu ubongo ndi ya thupi lonse, n'chifukwa chake mwana amabayidwa akangobadwa. Kwa akuluakulu nkhani yake ndi ina. Kafukufuku wa zaka zambiri ku Karonga anapeza kuti BCG amachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma sateteza akuluakulu ku TB ya m'mapapo, yomwe ndiyo imafala.

Mankhwala oyamba, ndi phunziro lowawa

Penicillin, yemwe Alexander Fleming anamuona mu 1928 ndipo Howard Florey ndi Ernst Chain anamusandutsa mankhwala cha m'ma 1940, anachiritsa chibayo, chindoko ndi mabala, koma TB sanaikhudze n'komwe. Mankhwala ake oyamba anachokera m'dothi. Mu 1943 Albert Schatz, wophunzira wa Selman Waksman pa yunivesite ya Rutgers ku America, anapeza streptomycin mu tizirombo ta m'nthaka.

Dziko la Britain linali litangotuluka mu nkhondo, ndalama kunalibe, ndipo linagula streptomycin wochepa kwambiri. Funso linali lakuti apatsidwe ndani. Katswiri wa masamu, Austin Bradford Hill, anati popeza sakwanira onse, asasankhe ndi dokotala, koma achite ngati maere. Odwala 107 anagawidwa pogwiritsa ntchito manambala obisidwa mu maenvulopu omata: 55 analandira jakisoni, 52 anangogona pabedi monga mwa kale. Zotsatira zinatuluka mu 1948. M'miyezi 6, mwa obayidwa munamwalira anayi, mwa enawo munamwalira 14. Kwa ine, njira yogawira anthuyi ndi yaikulu kuposa streptomycin mwini. Dokotala akamasankha yekha, mtima umamukokera kupereka mankhwala atsopano kwa yemwe akuoneka kuti achira, ndipo mapeto ake mankhwala alionse amaoneka amphamvu. Maere amachotsa kukondera kumeneko. Pafupifupi mankhwala onse atsopano omwe lero amaloledwa m'chipatala amayenera kudutsa pa mayeso otere, ndipo ndi pomwe pamasiyana mankhwala a kuchipatala ndi a m'mabotolo ogulitsidwa pamsika ndi umboni wa pakamwa.

Mayeso omwewo anaonetsanso choipa. Mwa ambiri omwe anabayidwa, patangopita miyezi yochepa, tizirombo tinasiya kumva streptomycin. Patatha zaka zisanu, kusiyana kwa imfa pakati pa magulu awiri aja kunali kutachepa kwambiri.

Chomwe chimachitika n'chakuti m'bowo limodzi la m'mapapo mutha kukhala tizirombo toposa 100 miliyoni. Mwa tambirimbiri chonchi, tina timabadwa tosiyana pang'ono, moti mankhwala akutiakuti satipha, ngakhale tisanakumanepo nawo. Mukapereka mtundu umodzi, mumapha tambiri tija n'kusiyira malo tosamvato kuti tiswane. Wosunga chimanga amazidziwa izi: anankafumbwe ochepa akapulumuka mankhwala m'thumba, ndi omwewo amadzamaliza thumba lonse. Masamu ake ndi awa. Kachirombo kosamva mankhwala a TB otchedwa isoniazid kamapezeka kamodzi mwa pafupifupi 1 miliyoni, ndipo kosamva ena otchedwa rifampicin kamodzi mwa pafupifupi 100 miliyoni. Koti kakhale kosamva onse awiri nthawi imodzi n'kosowa kwambiri, moti m'chifuwa cha munthu mmodzi simungayembekezere kukapeza. Kopulumuka mtundu uwu kamaphedwa ndi winawo. Isoniazid atabwera mu 1952, John Crofton wa ku Edinburgh anaphatikiza mitundu itatu, streptomycin, PAS ndi isoniazid, n'kuonetsa kuti pafupifupi wodwala aliyense watsopano atha kuchira akamwa mokhulupirika.

Nanga miyezi yambirimbiriyo? Kachirombo ka TB n'kaulesi. Mabakiteriya ena amagawikana pa mphindi 20 zilizonse, koma aka kamatenga maola 15 mpaka 20, ndipo tina timangogona m'thupi osachita kanthu. Mankhwala ambiri amapha kachirombo pamene kakukula. Togalamuka timafa m'masabata oyamba, n'chifukwa chake munthu amamva bwino msanga, koma togona timafunika kutidikirira. Wosiyira panjira amasiya tomwe tili tovuta kwambiri. Panthawi ya Crofton munthu ankamwa miyezi 18 kapena zaka ziwiri. Mayeso omwe anachitika kum'mawa kwa Africa m'zaka za m'ma 1970, ataphatikizamo rifampicin ndi pyrazinamide, ndi omwe anatsitsa nthawiyi kufika pa miyezi 6.

Panalinso phunziro lina lochokera ku Madras m'dziko la India, komwe kafukufuku wotsogoleredwa ndi Wallace Fox, woyamba mu 1956, anaonetsa kuti womwera mankhwala kunyumba amachira mofanana ndi wogonekedwa m'chipatala, ndipo apabanja pake sadwala kuposa a winayo. Vuto linatsala limodzi: kunyumba ndani aonetsetse kuti wamwadi? Karel Styblo, dokotala wa ku Czechoslovakia, anakonza dongosolo loti wodwala aliyense alembedwe m'kaundula, makhololo ayezedwe, mankhwala amwedwe pamaso pa munthu wina, ndipo pamapeto palembedwe ngati wachira, wamwalira kapena wathawa. Analiyesa ku Tanzania, ndipo Malawi anayamba kulitsata mu 1984. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO litalengeza mu 1993 kuti TB ndi ngozi ya dziko lonse, dongosolo lomweli ndi lomwe linafalitsidwa ndi dzina lakuti DOTS.

Edzi itafika

Dongosolo la Styblo linangoyenda chaka chimodzi, Edzi n'kutulukira. Wodwala woyamba m'Malawi anapezeka mu 1985, patatha zaka zinayi chilengezereni nthendayi ku Los Angeles, ndi zaka ziwiri kuchokera pomwe Françoise Barré-Sinoussi ndi Luc Montagnier anapeza kachirombo kake ku Paris. Chaka chimenecho odwala TB olembedwa m'dziko muno anali pafupifupi 5,000. Pofika 2000 anali ataposa 24,000, ndipo kafukufuku wa chakacho anapeza kuti 77 mwa 100 alionse anali ndi HIV.

Kugwirizana kwa matenda awiriwa n'kosavuta kumva. Anthu ambiri tinapumapo kachirombo ka TB, koma asilikali a m'thupi amakatsekera pakona moyo wonse. HIV imapha asilikali omwewo, otchedwa CD4. Akachepa, TB yogona ija imadzuka. Ku Thyolo ndi ku Mulanje, komwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pafupifupi wamkulu mmodzi mwa asanu alionse anali ndi kachirombo, komanso komwe anthu amakhala mothinana m'midzi ndi m'nyumba za antchito a m'maesiteti, matenda awiriwa anapeza pofera. Masiku amenewo wodwala TB ankagonekedwa miyezi iwiri akubayidwa streptomycin tsiku ndi tsiku. Mawodi anadzaza, ena n'kumagona pansi. Mankhwala otchipa otchedwa thiacetazone, omwe anathandiza kwa zaka zambiri, anayamba kusupula khungu la anthu omwe ali ndi HIV mpaka ena kufa, ndipo anawasiya. Mu 1995 anthu miyandamiyanda anapita kufupi ndi Liwonde kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, womwe ankati umachiza Edzi. N'kosavuta kuwaseka lero, koma chipatala chinalibe chowapatsa.

Kunja nako madokotala anali akubwereza cholakwa cha 1948. AZT, mankhwala oyamba a Edzi, analoledwa mu 1987 ndipo ankaperekedwa okha. Odwala ankapezako bwino miyezi ingapo, kenako kachirombo n'kusiya kumva. HIV imaswana mofulumira kwambiri ndipo imasinthasintha kuposa TB. Yankho linali lomwe lija la Crofton, ndipo linalengezedwa pa msonkhano wa ku Vancouver mu 1996: mitundu itatu nthawi imodzi. Ku America ndi ku Ulaya anthu omwe ankayembekezera maliro anadzuka n'kubwerera ku ntchito.

Mtengo wake unali woposa madola 10,000 pa munthu pa chaka. Kuno maliro anapitirira. Mu 2001 mkulu wa USAID, bungwe la boma la America lothandiza mayiko ena, Andrew Natsios, anafika ponena kuti ma ARV sangayende mu Africa chifukwa anthu ake sadziwa nthawi ya pa wotchi. Chaka chomwecho, mu Febuluwale, Yusuf Hamied wa kampani ya Cipla ku India analengeza kuti agulitsa mitundu itatuyo pa madola 350 pa chaka. Malamulo a India panthawiyo ankalola kupanga mankhwala a eni ake bola njira yopangira ikhale ina. Izi zinabweretsa phindu lomwe olemera analibe. Stavudine, lamivudine ndi nevirapine anali a makampani atatu osiyana, omwe sakanawaika m'piritsi limodzi, koma Cipla anatha kutero. Piritsilo ndi Triomune, lomwe oyamba kumwa ma ARV kuno amalikumbukira bwino, pamodzi ndi dzanzi la m'miyendo ndi kulowa kwa masaya komwe stavudine ankabweretsa. Thumba la Global Fund, lothandiza mayiko kulimbana ndi Edzi, TB ndi malungo, linakhazikitsidwa mu 2002, ndipo mu 2004 boma la Malawi linayamba kupereka ma ARV ulere.

Chomwe Thyolo anawonjezera

Bungwe la madokotala othandiza ochokera kunja la Médecins Sans Frontières linayamba kugwira ntchito ndi unduna wa zaumoyo ku Thyolo mu 1997, ma ARV kulibe. Mu 1999 anayamba kuyeza magazi a odwala TB ndi kupatsa Bactrim tsiku ndi tsiku omwe apezeka ndi HIV. Ndi mankhwala akale, otchipa, opezeka paliponse, koma imfa pakati pa odwala TB zinatsika kuchoka pa 36 kufika pa 28 mwa 100 alionse. Ma ARV anayamba kuperekedwa pa chipatala cha boma mu Epulo 2003.

Apa ndi pomwe panatuluka chinthu chomwe labu iliyonse ya ku Ulaya sikanachipeza. Ofufuza anatsata odwala TB 742 omwe anali ndi HIV ndipo anali oyenera kuyamba ma ARV aulere. Omwe anayamba ndi 101 okha. Atafufuza chifukwa, chomwe chinaonekera ndi ndalama ya galimoto. Yemwe ulendo wake wopita ku chipatala unali wa K50 kapena kucheperapo anali ndi mwayi woyamba mankhwala kanayi kuposa yemwe ankalipira K100 kapena kuposerapo. Aliyense wodziwa mitunda ya kwa Thekerani, kapena msewu wa kumeneko nthawi ya dzinja, sangadabwe. Mankhwala omwe anatenga asayansi zaka 15 kuti awapeze ankagonja pa K50.

Boma lonse la Thyolo, la anthu pafupifupi 600,000, linali ndi madokotala owerengeka pa zala. Lamulo la m'mayiko olemera linkati ma ARV ayambitsidwe ndi dokotala atayeza CD4 ndi zina zambiri. Kutsata zimenezo kukanatanthauza kuti anthu azifera pa mzere. Choncho ntchito inagawidwa motsika. Ma clinical officer, ma medical assistant kenako anamwino anayamba kuyambitsa anthu mankhwala. Alangizi a zaumoyo ndi aphungu ophunzitsidwa anatenga ntchito yoyeza magazi ndi uphungu. Anthu odzipereka m'midzi, ambiri a iwo omwa ma ARV eni ake, ankayendera odwala ndi kulondola omwe asowa. Kuyambira 2006 mankhwala anayamba kuperekedwa m'zipatala zazing'ono. Pofika 2007 Thyolo anali atafikira anthu 80 mwa 100 alionse ofunika ma ARV mwachangu, zomwe panthawiyo zinkatchedwa kufikira aliyense, ndipo zotsatira za odwala a m'zipatala zazing'ono sizinali zoipa kuposa za a ku chipatala chachikulu.

Mabuku a mbiri ya zachipatala amakonda mayina a omwe anapeza tizirombo ndi mapiritsi. Ine ndimaona kuti funso lakuti ndani angapereke piritsi, ndipo alipereke kuti, ndi la sayansi ngati mafunso enawo, ndipo ku Thyolo linayankhidwa ndi kaundula ndi manambala, osati ndi chifundo chokha. Maganizo omwewa ndi omwe anabala Option B+ mu 2011, pomwe Malawi anakhala dziko loyamba kunena kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe ali ndi HIV ayambe ma ARV moyo wonse osadikira CD4, popeza makina oyezera anali ochepa ndipo amayi ankasowa akudikira zotsatira. Akatswiri ena kunja anakayikira, koma patangopita zaka ziwiri WHO inaika njirayi m'malangizo ake. Mu 2012 Thyolo anatengera nzeru ya ku Tete m'dziko la Mozambique, yoti anthu okwana mpaka 6 a mudzi umodzi apange gulu, mmodzi azipita kukatengera onse mosinthana. Mu 2016 lamulo linakhala lakuti aliyense wopezeka ndi kachirombo ayambe mankhwala pompo, ndipo mu 2019 kunabwera piritsi lokhala ndi dolutegravir, lomwe kachirombo kamavutika kulizolowera.

Ku mbali ya TB zinthu zayenda pang'onopang'ono. Makina a GeneXpert, omwe WHO inawavomereza mu 2010, amawerenga chibadwa cha kachirombo m'makhololo ndipo pasanathe maola awiri amanena ngati ndi TB komanso ngati imva rifampicin. Maikulosikopu ankaphonya odwala ambiri, makamaka omwe ali ndi HIV, chifukwa makhololo awo sakhala ndi tizirombo tambiri. Bedaquiline, yemwe analoledwa mu 2012, anali mankhwala a mtundu watsopano oyamba a TB patatha zaka pafupifupi 40. Kale wodwala TB yosamva mankhwala ankamwa mpaka zaka ziwiri, ndi majakisoni omwe ankagonthetsa ena m'makutu. Kuyambira 2022 WHO imalimbikitsa mapiritsi okhaokha a miyezi 6.

Pali ziwiri zomwe zikadali zosalimba. Choyamba ndi ndalama. Ma ARV ndi mankhwala a TB omwe timalandira ulere amagulidwa makamaka ndi thandizo lakunja, ndipo boma la America litaimitsa thandizo lake mu Januwale 2025, ntchito zambiri zoyendera odwala ndi kuyeza magazi zinagwedezeka. Kudukiza mankhwala chifukwa asowa pa shelefu kumabala tizirombo tosamva mofanana ndi kudukiza mwadala.

Chachiwiri ndi katemera. Wa HIV kulibe, ndipo wa TB akadali BCG wa 1921 yemwe uja. Katemera wina wotchedwa M72 atayesedwa ku Kenya, South Africa ndi Zambia, zotsatira za mu 2019 zinaonetsa kuti anachepetsa TB ya m'mapapo ndi pafupifupi theka mwa akuluakulu omwe anali kale ndi kachirombo kogona. Mayeso aakulu, a anthu pafupifupi 20,000, anayamba mu 2024, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko omwe akuchitikira. Theka la anthuwo anapatsidwa katemera, theka lina jakisoni wopanda kanthu, ndipo palibe wobaya kapena wobayidwa yemwe akudziwa gulu lake mpaka mayesowo adzathe.